Kuchokera pamsana pa nkhosa mpaka papepala: ubweya, ulusi, utoto ndi pastel

Amene akufuna kuluka ndi ulusi wopota yekha amakonda kuthamangira chopotera ndi mabulashi opesera, koma ubwino wa ulusi umakhala utadziwika kale nkhosa isanametedwe. Ubweya umakula pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo chilichonse chimene nkhosa yakumana nacho m'chakacho, kaya ndi njala, matenda kapena zinyalala zogwera pamsana, mumachipeza mu ubweyawo pa tsiku lometa. N'chifukwa chake tiyambira m'khola. Tikachoka kumeneko titsuka, tipesa, tipota, tinyika mu utoto, ndipo madzi a utoto otsala mupoto sititaya, chifukwa ndi amene atipatse timitengo ta pastel tojambulira.

Nkhosa yake ndi kadyetsedwe

Si nkhosa iliyonse ili ndi ubweya wopoteka. Mitundu monga Blackhead Persian ili ndi tsitsi chabe, ndipo Dorper ili ndi ubweya wosakanikirana ndi tsitsi umene umathothoka wokha. Izi ndi nkhosa za nyama. Kunenepa kwa kaubweya kamodzi amakuyeza m'mamaikoroni, ndipo maikoroni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mwa nkhosa za ubweya, Merino imakhala pakati pa mamaikoroni 18 ndi 24, Corriedale pakati pa 25 ndi 31, Romney imapitirira 30. Ubweya ukadutsa 30 umayamba kubaya pakhungu, choncho umayenera zovala zapamwamba, zofunda ndi makalapeti.

Ambiri amasirira Merino chifukwa cha kufewa, koma ife sitiuza woyamba kuti ayambire pamenepo. Ubweya wake ndi wamafuta kwambiri, umaphathana msanga pochapa, ndipo makwinya a khungu lake amavutitsa pometa komanso amakopa ntchentche. Corriedale kapena Romney imakhululukira manja osazolowera. Dziwaninso kuti nkhosa za ubweya zimavutika kumalo otentha ndi achinyezi, kumene ubweya suuma msanga mvula ikagwa. Musawete imodzi yokha, chifukwa nkhosa yokhala yokha imakhala ndi mantha ndipo sidya bwino. Zitatu n'zokwanira poyambira. Nkhosa imodzi ya msinkhu wapakati imatulutsa makilogalamu 3 mpaka 5 a ubweya wosachapa pachaka, ndipo mukachotsa zoipa ndi mafuta mumatsala ndi pafupifupi theka. Juzi ya munthu wamkulu imadya magalamu 500 mpaka 800.

Chimene ubweya umafuna kwambiri ndi kudya kosadukiza. Nkhosa ikadwala, ikatentha thupi masiku angapo, kapena ikaperewera chakudya kumapeto kwa bere, ubweya umene ukutuluka pa nthawiyo umakhala wowonda. Nkhosa ikachira ubweya umapitiriza kukula bwino, koma malo owonda aja amatsala pakati, ndipo mpamene ubweya umadukira popesa. Palibe mankhwala ake. Choncho sungani udzu wouma wokwanira nyengo imene msipu wachepa, ndipo mukafuna kusintha chakudya, sinthani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147, ndipo masabata 6 omaliza ndi amene mwana amakula kwambiri m'mimba. Imeneyo ndi nthawi yoonjezera chakudya.

Chenjerani ndi mchere wonyambita wopangira ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba. Nthawi zambiri umakhala ndi kopa wochuluka, ndipo chiwindi cha nkhosa chimasunga kopa mpaka tsiku lina nkhosa imangogwa. Gulani wolembedwa kuti ndi wa nkhosa. Komabe kopa akasowa kotheratu ubweya umataya kupindikapindika kwake n'kukhala wowongoka, ndipo wa nkhosa yakuda umayamba kutuwa. Mukaona zotero funsani dokotala wa ziweto, musangoonjezera nokha.

Nyongolotsi yoyamwa magazi m'chifu, Haemonchus contortus, ndi imene imafooketsa nkhosa mwakachetechete. Njira ya FAMACHA, imene inayambira ku South Africa, ndi yoyang'ana mkati mwa chikope cham'munsi n'kufananiza ndi kakhadi ka mitundu isanu, kuyambira 1, kofiira bwino, mpaka 5, koyera. Mumamwetsa mankhwala zimene zili pa 4 ndi 5, kuphatikizapo za pa 3 ngati zili zazing'ono, zabere kapena zoyamwitsa. Kumwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi n'kumene kumachititsa kuti nyongolotsi zisiye kumva mankhwala.

Tsopano nkhani ya zinyalala, imene imatayitsa anthu ubweya wambiri kuposa matenda. Musaponye udzu wouma kudutsa pamsana pa nkhosa, ndipo modyera musakhale pamwamba pa mitu yawo, chifukwa tizidutswa ta udzu timagwera pakhosi n'kulowerera mpaka kukhungu. Ikani udzu nkhosa zili panja, kenako muzilowetse. Zulani chisoso ndi zomera zina za njere zomata zisanakhwime. Zingwe ndi matumba apulasitiki musazisiye m'khola: tiulusi take timalowa mu ubweya, sitichoka pochapa, ndipo sitigwira utoto, mwakuti timadzaonekera poyera chovala chitatha kale. Poika zizindikiro pa nkhosa musagwiritse ntchito penti wamafuta. Ubweya wa kumatako ukadetsedwa ndi ndowe, umeteni nthawi yomweyo, osadikira tsiku lometa, chifukwa ntchentche zimaikira pamenepo ndipo mphutsi zimadya nkhosa ili yamoyo.

Kumeta ndi kusankha

Mitundu yambiri imametedwa kamodzi pachaka. Nkhosa ikhale youma kotheratu, popeza ubweya wonyowa umachita chuku m'thumba. Igone osadya usiku umodzi kuti isavutike ndi mimba yodzaza poikhazika, koma ya bere lalikulu musaimane chakudya nthawi yaitali. Sesani pometera, kapena yalani chinsalu.

Ikhazikeni pamatako, msana wake utatsamira miyendo yanu. Ikakhala choncho miyendo yake ili m'mwamba, imasiya kulimbana. Yambani ndi ubweya wa pamimba n'kuuponya pambali pawokha. Dzanja limene silinagwire sizasi likhale likukoka khungu kuti likhale losalala. Musakoke ubweya, chifukwa mukatero khungu limanyamuka n'kulowa pakati pa sizasi. Malo oopsa ndi mawere, chiwalo cha yamphongo, makwinya a m'mbali mwa mimba ndi mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa mwendo. Mawere muwaphimbe ndi zala podutsa pamenepo.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kubwerezanso pamene mwameta kale pofuna kuti nkhosa ioneke bwino. Kubwerezako kumatulutsa tizidutswa tatifupi timene timasanduka timibulu mu ulusi. Ngati mwasiya ubweya wotalikirapo penapake, usiyeni, kapena mudzaumete mutachotsa kale chikumba chonse cha ubweya wabwino. Nkhosa yometedwa kumene imamva kuzizira ndi dzuwa, ndiye ipatseni pobisala ndi chakudya chokwanira kwa masiku angapo.

Yalani ubweyawo patebulo la waya, mbali yometedwa ili pansi, n'kuugwedeza kuti tizidutswa tigwe. Zungulirani m'mbali mukuchotsa wandowe, wa m'miyendo, ndi wa pakhosi wodzaza udzu. Musachite chisoni apa. Ola limodzi lotola udzu mu ubweya wa pakhosi kuli bwino kuligwiritsa ntchito popesa ubweya wa paphewa, umene ndi wabwino kuposa wonse. Kenako tengani kamtolo kamodzi kokula ngati chala, kagwireni kunsonga zonse ziwiri pafupi ndi khutu, n'kukakoka mwadzidzidzi. Kolimba kamalira bwino osaduka. Kakamathetheka kapena kuduka pamalo amodzi, ndiye kuwonda kuja tinanena, ndipo ubweya wotere ndi woyenera kuika m'mapilo. Wosachapa usungeni m'thumba lansalu kapena lapepala, ndipo musauchedwetse, chifukwa mafuta akakhalitsa amauma n'kuvuta kuchotsa, komanso njenjete zimakonda ubweya wakuda.

Kuchapa

Mu ubweya muli zinthu zitatu zofunika kuchotsa: dothi, thukuta louma, ndi mafuta otchedwa lanolini. Thukuta limasungunuka m'madzi ozizira, choncho viikani ubweya usiku umodzi m'madzi wamba, ndipo mudzadabwa ndi kuda kwa madziwo. Lanolini amasungunuka pa madigiri pafupifupi 40, koma kuti achoke n'kutengedwa ndi sopo pamafunika madzi a madigiri 60, ndipo kwa Merino ngakhale 65 kapena 70.

Chapani pang'onopang'ono, magalamu 500 m'malita 15 mpaka 20. Thirani madzi otentha m'beseni choyamba, kenako masupuni aakulu awiri kapena atatu a sopo wamadzi wotsukira mbale, n'kuvundula mosachititsa thovu. Ikani ubweya, makamaka uli m'kathumba ka ukonde, muukanikizire pansi kamodzi, muvundikire, muusiye mphindi 15 mpaka 20. Osautikita, osaupotokola, osauthira madzi kuchokera pampopi. Kaubweya kalikonse kali ndi timamba, ndipo kutentha, sopo ndi kugwedeza zikakumana, timambato timakolana moti simungaulekanitsenso. Kuuchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira kumachitanso chimodzimodzi.

Musadikire kuti madzi azizire ubweya uli momwemo. Akazizira, mafuta amabwereranso pa ubweya, ndipo ukauma umakhala wonata. Uvuuleni madzi akadali otentha, muufinye pang'ono, muubwereze m'madzi ena a sopo, kenako mutsukuluze kawiri m'madzi otentha mofanana. Wa Romney ungayere ndi ulendo umodzi wa sopo, wa Merino ungafune itatu. Sopo waufa wochapira zovala ambiri ali ndi mankhwala odya zinthu za m'thupi monga magazi, ndipo ubweya nawonso amaudya. Mankhwala oyeretsa zovala a klorini amausungunula kumene. Madzi oyamba amafuta aja musawathire m'mapaipi, amatseka. Yanikani pamthunzi, pa waya kapena ukonde, kuti mphepo idutse pansi ndi pamwamba.

Kupesa ndi kupota

Ubweya ukauma, umasuleni ndi zala kamtolo ndi kamtolo kuti zinyalala zotsala zigwe. Mabulashi opesera amakhala awiri, timatabwa tokhala ndi timano tawaya topindika. Pakani ubweya wochepa pa bulashi limodzi, wongokwanira kuphimba mano. Pesani ndi linalo mopepuka, mano a mabulashi awiriwo asalumane. Mukamamva kukwecha kwa waya, mukukanikiza kwambiri ndipo mukudula ubweya. Samutsani ubweya kuchoka pa bulashi ili kupita pa linalo kawiri kapena katatu, kenako muupinde kuchokera kunsonga kupita kuchigwiriro kuti ukhale kampukutu kofewa. Timipukutu totere timatulutsa ulusi wopepuka ndi wofunda. Ubweya wautali kupitirira masentimita 10 umachita bwino ndi zipeso za mano ataliatali, zimene zimaugoneka mbali imodzi n'kutulutsa ulusi wosalala ndi wolimba.

Chopotera mungapange nokha: kamtengo kowongoka ka masentimita 30, kathabwa kozungulira ka masentimita 6 mpaka 8 koboola pakati penipeni, ndi kangowe kachitsulo kunsonga. Chonse chilemere magalamu 30 mpaka 40. Bowo likapanda kukhala pakati, chopotera chimayenda mwapendapenda ndipo chimaima msanga. Cholemera kwambiri chimadula ulusi wowonda, chopepuka kwambiri chimalephera kupota wonenepa.

Mangani kaulusi kakale ka theka la mita pakamtengo, kadutse pangowe, ndipo kunsonga kwake mulumikize ubweya. Poyamba musayese kuchita zonse nthawi imodzi. Zunguzani chopotera kumanja, mmene muvi wa wotchi umayendera, mutatsina ulusi kuti kupota kusalowe mumpukutu. Kupota kukachuluka, panani chopotera pakati pa mawondo. Tsopano manja onse ali omasuka: kokani ubweya pang'ono kuchoka mumpukutu mpaka ufike pa kuwonda kumene mukufuna, kenako tsetsereketsani zala zotsina zija m'mwamba kuti kupota kukwere. Mukafika pamene mkono wathera, kulungani ulusi pakamtengo n'kuyambanso.

Mavuto a woyamba ndi atatu, ndipo onse ali ndi chifukwa chodziwika. Ubweya ukamakana kukokeka, mwina manja ayandikana kwambiri moti mwagwira nsonga zonse ziwiri za ubweya womwewo, mwina kupota kwadutsa zala n'kulowa mumpukutu. Talikitsani manja kuposa kutalika kwa ubweya, ndipo ngati kupota kwalowa, potololani pang'ono ndi zala. Ulusi ukamasololoka n'kugwetsa chopotera, kupota kwachepa. Ukamaduka ndi kaphokoso, kapena ukamachita timfundo tolimba, kupota kwachuluka, ndipo kawirikawiri kumathamangira pamalo owonda. Kuti muone ngati mwapota mokwanira, lolani kachigawo ka ulusi watsopano kadzipinde kokha pawiri. Mmene kakuonekera ndi mmene ulusi wanu womaliza udzaonekere.

Ulusi umodzi pawokha umapendeketsa choluka. Pangani mipira iwiri, muiike m'mbale ziwiri kuti isagubuduke, mugwirizanitse nsonga zake, n'kuipota pamodzi mozungulira kumanzere, mosemphana ndi poyamba. Mukapotera mbali yomweyo mupeza chingwe chouma chopiringizika. Mukatha, kulungani ulusi kumsana kwa mpando kuti ukhale mkombero, muumange momasuka malo anayi, muuviike mphindi 20 m'madzi ofunda, muufinye m'thaulo, muukunthe kangapo, n'kuuyanika popanda kuupachika cholemera. Ulusi woumitsidwa ndi cholemera umaoneka wowongoka, koma umabwerera mwakale chovala chikangochapidwa. Kuti mudziwe kunenepa kwake, ukulungeni pa rula mosakoka: mizere 10 mpaka 12 pa masentimita 2.5 ndi ulusi wapakati woyenera juzi.

Kunyika mu utoto

Miyeso yonse ya utoto imawerengedwa potengera kulemera kwa ulusi wouma, choncho uyezeni pasikelo musanaunyowetse ndipo mulembe. Poto akhale wachitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamel wosasweka, ndipo poto ndi supuni zimenezi zisabwererenso kophikira.

Utoto wambiri wa zomera sugwira ubweya pawokha. Umafuna alum, mankhwala ooneka ngati mchere, amene amamatirira ku ubweya mbali ina n'kugwira utoto mbali inayo. Pa magalamu 100 a ulusi, yezani magalamu 10 mpaka 12 a alum, ndipo ngati muli naye, magalamu 6 a cream of tartar, ufa woyera wothira pophika makeke, amene amathandiza kuti ubweya ukhalebe wofewa. Sungunulani m'kapu ya madzi otentha, thirani mupoto wa madzi ofunda okwanira kuti ulusi uziyandama momasuka, ikani ulusi wonyowa kale, n'kukweza moto pang'onopang'ono mpaka madigiri 80 kapena 85. Usawire. Pakatha ola limodzi zimitsani moto, ulusi uzizirire momwemo. Alum akachuluka ulusi umanata ndipo sukonzekanso, ndiye musaonjezere poganiza kuti mtundu uwala kwambiri.

Makoko ouma a anyezi ndiwo osavuta poyambira: magalamu 50 mpaka 100 pa magalamu 100 a ulusi amapereka chikasu chopita ku lalanje. Aphikeni ola limodzi, musefe, madzi azizireko, kenako ikani ulusi n'kuutenthetsanso ola lina. Maluwa a marigold amapereka chikasu, chomera cha weld chimapereka chikasu chowala chimene chimapirira dzuwa kuposa zinzake, ndipo masamba a mitundu ina ya bulugamu amapereka lalanje kapena kufiira kwa dzimbiri. Kufiira kwenikweni kumachokera ku mizu ya madder, yolemera mofanana ndi ulusi, koma apa moto ndi wofunika kuusamala: mukapitirira madigiri 70 mpaka 75 kufiira kumayamba kulowera ku bulauni. Beetroot ndi kabichi wofiira amasangalatsa tsiku loyamba, koma mtundu wake sukhalitsa, ndipo ulusi umene mwaupota milungu ingapo suyenera kutayidwira pamenepo.

Kuti chikasu cha anyezi chisanduke chobiriwira modera, sungunulani magalamu 2 a ferrous sulphate, mankhwala okhala ndi chitsulo, pa magalamu 100 a ulusi, mupoto wina wapadera, n'kuviikamo ulusi wonyikidwa kale kwa mphindi 5 mpaka 10. Chitsulo chikachuluka chimaumitsa ubweya n'kuufooketsa. Chitirani zimenezi mupoto wina ndithu, chifukwa madzi a mupoto woyamba tikuwafunabe ali oyera.

Kusandutsa madzi otsala kukhala ufa wa utoto

Mukavuula ulusi, m'madzi mumatsalabe utoto wosungunuka. Kuti ujambulike uyenera kukhala ufa. Sefani madziwo pansalu yothina kuti pasatsale kachidutswa ka khoko kapena muzu, muwatenthetse pang'ono, n'kuwathira m'chidebe chimene angofika theka lake. Pa lita iliyonse sungunulani magalamu 10 a alum m'madzi otentha n'kuthiramo. Kenako sungunulani magalamu 5 a soda wochapira, sodium carbonate, osati wophikira, ndipo muzithira pang'onopang'ono mukuvundula. Thovu limakwera mwamphamvu, n'chifukwa chake chidebe chiyenera kukhala chachikulu. Alum ndi soda zikakumana zimapanga timibulu toyera timene timagwira utoto n'kumira nawo.

Siyani usiku umodzi kuti zidikhe. M'mawa mupeza matope amtundu pansi ndi madzi oyererako pamwamba. Ngati madzi apamwamba akadali ndi mtundu wambiri, bwerezani ndi theka la miyeso ija. Tsanulani madziwo mosamala, thirani ena oyera, zidikhenso, ndipo muchite zimenezi kawiri. Kutsuka kumeneku anthu amakudumpha, kenako amadabwa kuona timchere toyera tikutuluka pa pastel wouma. Sefani matopewo papepala losefera khofi kapena pansalu, muwayanike pamthunzi. Amachepa kwambiri pouma, ndipo malita angapo angakupatseni masupuni owerengeka okha. Perani mpaka ufa usamvekenso mchenga pakati pa zala. Njira imeneyi sigwira pa indigo, utoto wabuluu umene susungunuka m'madzi.

Mitundu ya dothi ndi yosavuta kuposa pamenepa ndipo sifwifwa ndi dzuwa. Tengani katondo kapena dothi lachikasu, muliphwanye, mulivundule m'ndowa ya madzi, mudikire mphindi imodzi kuti mchenga umire, n'kutsanulira madzi amatopewo mu ndowa ina. Zimene zidikhe m'ndowa yachiwiri ndiwo utoto wanu. Dothi lachikasu mukaliwotcha pamoto waukulu limasanduka lofiira, choncho dothi limodzi limakupatsani mitundu iwiri. Wakuda mumaupeza popera makala.

Kuumba timitengo ta pastel

Pastel ndi ufa wa utoto wogwirizanitsidwa ndi zomatira zochepa kwambiri, zongokwanira kuti kamtengo kasaphwanyike m'manja. Zomatira zake zodziwika ndi gum tragacanth, utomoni wouma wochokera ku chomera. Ikani magalamu 10 m'botolo, muwanyowetse ndi spiriti pang'ono kuti asachite mibulu, thirani theka la lita ya madzi, mutseke, musiye tsiku limodzi kapena awiri mpaka zikhale phalaphala. Amenewa ndi amphamvu kwambiri pa mitundu yambiri. Patulani ena musakanize ndi madzi, gawo limodzi ku magawo awiri, ena gawo limodzi ku magawo anayi kapena asanu ndi atatu. Zomatira zina zotchedwa methylcellulose zimagwiranso ntchito. Gum arabic amaumitsa kwambiri timitengo ndipo timakanda pepala.

Mtundu uliwonse umafuna mphamvu yakeyake, ndipo palibe njira ina koma kuyesa. Dothi lokhala ndi dongo limagwirana ngakhale ndi madzi okha. Ufa wa utoto wa zomera umakonda kuuma gwa, ndiye umafuna zomatira zofooka ndi choko chambiri. Valani chophimba mphuno ndi pakamwa, ikani ufa pagalasi, dontheserani zomatira, n'kukanda ndi kampeni mpaka zifanane ndi dongo loumbira mbiya, zosamata zala. Umbani kamtengo kamodzi kakang'ono, kaume masiku awiri kapena atatu, mukayese. Kakamaterera osasiya mtundu, zomatira zachuluka. Kakamafumbutuka mukangokagwira, zachepa.

Mukapeza muyeso, pangani mitundu yotsikirana. Kandani padera choko choyera, calcium carbonate wosalala, ndi zomatira zofooka. Gawani utoto wanu pawiri: theka umbani timitengo, theka linalo sakanizani ndi choko chofanana nalo kukula. Gawaninso pawiri, n'kubwereza mpaka kanayi kapena kasanu. Umbirani papepala pogubuduza ndi kakatoni, timitengo tonenepa ngati chala, ndipo tiume pamthunzi. Padzuwa kapena pafupi ndi moto timang'aluka. Tikauma timaoneka toyererapo kuposa mmene tinalili tili tonyowa, choncho musafulumire kuweruza.

Kujambula nkhosa

Pastel amafuna pepala lokhakhala logwira ufa. Pepala losalala limadzaza mukangodutsa kawiri. Pali mapepala opangira pastel okhala ndi mchenga wosalala, koma mungakonzenso nokha posakaniza ufa wa mwala wa pumice mu gesso, penti woyera woyambira, n'kupaka pakatoni yolimba. Sankhani pepala lotuwa kapena labulauni. Pa pepala loyera nkhosa yoyera ilibe poonekera.

Nkhosa siima kudikira wojambula, koma ikamabzikula imagona nthawi yaitali malo amodzi, ndipo imeneyo ndi nthawi yanu. Yambani ndi makala, mopepuka: thupi lonse ngati chinthu chimodzi, mutu, kenako miyendo. Miyendo imatuluka mkati mwa ubweya, osati m'mphepete mwake, ndipo kuiika m'mphepete ndi kumene kumachititsa nkhosa zambiri zojambulidwa kuoneka zosakhazikika. Pakani mitundu yodera poyamba, pansi pa mimba, kuseri kwa khutu ndi pakati pa miyendo, pogwiritsa ntchito mbali ya kamtengo, osati nsonga. Kenako yapakati, ndipo yowala ibwere pomaliza. Timitengo tolimba tiyambe, tofewa titsirize, chifukwa kolimba kakadutsa pa ufa wofewa kamangoukokolola.

Nkhosa yoyera ili ndi choyera chochepa kwambiri. Kumene kuli mthunzi ubweya umaoneka wotuwa mopita ku buluu, m'mbali muli chikasu cha mafuta ndi dothi, pansi pa mimba pamabwerera mtundu wa msipu. Choyera chenicheni chisungireni mzere wa pamsana ndi pamphumi pamene dzuwa lagunda. Musajambule kupindika kulikonse kwa ubweya. Onetsani timitolo pang'ono pamalire a kuwala ndi mthunzi, makamaka paphewa ndi pakhosi pamene ubweya umagawikana, kwinako diso la woona lidzamaliza lokha. Kufafaniza ndi chala kuchepe, chifukwa kumapha kuwala kwa ufa n'kusiya mtundu wamatope.

Jambulani pepala litaimirira, litapendekera kutsogolo pang'ono, kuti fumbi ligwe pansi osadetsa chithunzi. Musaliuzire ndi pakamwa, mumangolipuma. Tulukani panja n'kugogoda kumbuyo kwa katoni. Mankhwala opopera oletsa ufa kugwa amaderetsa mitundu, makamaka yokhala ndi choko chambiri ngati yathuyi, ndiye ngati mukuwafuna poperani pang'ono pakati pa ntchito, osati pamapeto. Chikasu chochokera ku anyezi ndi marigold chimafwifwa pakuwala msanga kuposa madder ndi dothi, choncho chigwiritseni ntchito m'buku lojambulamo, ndipo chithunzi chopachika chidalire mitundu ya dothi. Posunga, phimbani chithunzi ndi pepala losalala la glassine n'kuchigoneka pansi pa katoni kuti chisakhuzike. Poika m'felemu, galasi lisakhudze chithunzi: siyani mpata wa mamilimita 3 mpaka 5 ndi katoni yozungulira m'mbali, ndipo kuseri kwa katoniyo kumunsi musiye kampata kena kuti ufa wogwa uzigwera mmenemo osaoneka. Pulasitiki woonekera wa acrylic amakoka ufa mukamamupukuta, choncho galasi lenileni ndilo loyenera.